PHUNZIRO: MAU OPANDA MWINI

Lero tilingalire za nchito, ndi za mau amene alembedwa m'malo a nchito masiku ano.

1. Mlendo pa nchito yace

Mai woumba mbiya akaiona pamsika aizindikira msanga, nati, "Iyi ndinaumba ndine." Koma m'caka ca 1913 Henry Ford anaika lamba woyenda yekha m'fakitale yace ya galimoto ku Michigan. Wanchito anaima pamalo amodzi, namanga kacitsulo kamodzimodzi kufikira madzulo. Galimoto inaturuka, koma panalibe wonena kuti ndi yopanga iye. Karl Marx anali atalemba kale m'1844 kuti wanchito wotere asanduka mlendo pa nchito ya manja ace. Eklezia anakana mankhwala a Marx, koma nthendayo anaiona: Papa Leo XIII anatetezera anchito m'kalata yace Rerum Novarum m'1891.

2. Nthenda ilowa m'ofesi

M'maofesi nthendayi inalowera pakamwa. Pocotsa munthu nchito, kalata sinena kuti, "Ine ndakucotsa." Inena kuti, "Kampani iri kukonzanso mayendedwe ace." Anchito awerengedwa pamodzi ndi makina ndi ndalama, monga cuma ca kampani. Mau otere aterera ngati mlamba m'manja. Wocotsedwayo afuna womfunsa cifukwa, koma sampeza, pakuti mauwo alibe mwini.

3. Makina olemba

M'November 2022 kampani ya OpenAI inaturutsa ChatGPT. Makina amenewa anadyetsedwa zolembedwa zosawerengeka, ndipo luso lao ndi kuyerekeza liu loyenera kutsata linzace. Makalata a m'ofesi sawabvuta konse, popeza mau ace anauma kale makinawo asanabwere. Tsono taonani: kalaliki auza makina kuti atalikitse mau ace atatu adzaze tsamba, wolandira kalatayo auza makina kuti aifupikitse. Kalata yapita, yankho labwera, koma anthu awiriwo sanakomane. Papa Leo XIV, wosankhidwa m'May 2025, anafotokoza kuti anatenga dzinali pokumbukira Leo XIII, cifukwa nzeru za makina zadzetsa mafunso atsopano pa ulemu wa munthu ndi nchito yace.

4. Cocita ife

Kugwiritsa nchito makina si kucimwa. Khasu nalonso ndi cipangizo. Koma khasu siliyankha mlandu wa malire a munda. Ayankha ndi mwini khasu. Cotero kalata iri yonse yokhudza cakudya ca banja la mnzanu muiwerenge nokha, mufafanize mau obisa coona, mulembepo dzina lanu. Ngati nkhani iri yowawa, pitani mukamuuze maso ndi maso.

Mafunso

(a) Kodi woumba mbiya asiyana bwanji ndi wanchito wa pa lamba?
(b) Cifukwa ninji makina sabvutika polemba makalata a m'ofesi?
(c) Kalata yolembedwa ndi makina ikalakwira munthu, woyankha mlandu ndani?