Phunziro la Sabata Ino: Madzi Osefukira Sadikira Munthu



Dzinja lafika, ndipo ife a mu Blantyre muno sitinaiwale za mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osakata. Matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu ambiri anatisiya. Makolo athu ankautchula kuti Napolo, yemwe uja anasakaza ku Phalombe mu 1991.

N'chifukwa chiyani madzi a m'tauni amabwera mwadzidzidzi chonchi? Mvula ikagwa pamalata, pakonkire ndi paphula, silowa pansi. Yonse imathamangira kumtsinje nthawi imodzi. Mitengo yomwe inkagwira dothi m'mapiri a Soche ndi Ndirande tinaimaliza, ndipo ngalande tinazitseka ndi mapulasitiki. Motero Mudi, Nasolo kapena Naperi akhoza kudzaza pa kanthawi kochepa, ngakhale kwanu kusanadonthe, chifukwa mvula yagwa kumtunda.

Nkhani yaikulu ili pa kuwoloka. Madzi othamanga ozama masentimita 15 okha, ongopitirira pang'ono m'kapolo, amatha kugwetsa munthu wamkulu. Akafika masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono. Komanso madzi amatope amabisa dzenje, kapena mlatho woti wadyeka kale kunsi. Wakabaza kapena dalaivala wa minibasi akanena kuti "tidutsa basi", inu tsikani. Ana a sukulu tiwauze kuti kuchedwa kufika kunyumba sikudzawakwapulitsa. Ndipo tinene poyera: Misa ya Lamulungu si chifukwa chowolokera mtsinje wodzaza. Mpingo umaphunzitsa kuti wolephera kubwera pa chifukwa chachikulu ngati chimenechi sanachimwe.

Okhala m'munsi mwa phiri, yang'anirani ming'alu yatsopano pakhoma kapena pabwalo, mitengo ndi mapolo zopendekeka, madzi amatope otumphuka pomwe sipatuluka madzi, ndi mkokomo wochokera kumtunda. Mukaona zimenezi tulukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Thawirani cham'mbali, kutali ndi khwawa, osati kutsetsereka ndi njira ya madziwo. Osabwerera kukatenga mbiya, wailesi kapena matiresi. Konzeranitu kathumba kapulasitiki kokhala ndi chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala, mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku, tochi ndi khadi la ubatizo.

Kukachita ziphaliwali musabisale pansi pa mtengo, ndipo waya wamagetsi wogwa musamuyandikire. Mvula ikatha, zimbudzi zimakhala zitasefukira m'zitsime, choncho madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini kuopa kolera. Machenjezo a nthambi yoona zanyengo ndi a DoDMA tiziwamvera pawailesi.

Pa Mateyo 7:24-27 Ambuye akufanizira womvera mawu awo ndi munthu womanga pathanthwe. Tisagwiritse ntchito ndimeyi poweruza anzathu okhala m'mphepete mwa mitsinje. Ambiri sanapiteko mwakufuna. Ndi komwe lendi angakwanitse. Koma taonani kuti m'fanizoli anthu onse awiri anamva mawu, ndipo kusiyana kwawo kunali pa kuchitapo kanthu mvula isanafike.

Tikupempha tsono kuti pa msonkhano wa mphakati sabata ino mukambirane izi: m'dera lathu, agogo okhala okha, odwala, aulumali ndi amayi oyembekezera ali nyumba ziti? Adzawagogodere ndani, ndipo adzawabereke ndani? Tidzathawira kwa yani amene nyumba yake ili pamalo okwera ndi olimba? Mayankho alembedwe, ndipo atsogoleri a miphakati akawapereke ku ofesi ya parishi Lamulungu likubwerali ikatha Misa.