AKABWERA KUCOKERA KOSIYITSA MOWA, PAKHOMO TICITENJI?

Phunziro la sabata ino likunena za munthu amene wabwera kucokera ku malo osiyitsa mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Mabanja ambiri amaganiza kuti akalipira mwezi umodzi kapena itatu, basi matenda atha. Sizili tero ai. Nchito yaikulu imayamba tsiku limene wodwalayo watsika basi.

Tiyerekeze banja la pa boma pa Chadiza. Mnyamata wao wamira mu kacasu ndi camba. Atate agulitsa ng'ombe ziwiri za pangolo, amai aonjezapo ndalama za soya, namtumiza ku malo olipiritsa ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500. Abwerako wonenepa, nkhope ili see. Patapita masabata ocepa apita kumaliro, anzake akale amgawira kabotolo, ndipo m'mawa mwake amtola m'ngalande. Ng'ombe zapita, ndalama yobwerera ku Lusaka palibe. Colakwika nciani? Cuma conse cinathera pa ciyambi, osasiyako ca ulendo wotsala.

KUBWERERA KU MOWA SI MAPETO

Cizolowezi ca mowa ndi matenda okhalitsa monga BP ndi shuga. Wodwala BP sataya mankhwala cifukwa ca kumva bwino mwezi umodzi. Madokotala a ku America, m'lipoti lao la mu 2000, anaonetsa kuti mwa anthu 100 olandira cithandizo ca cizolowezi, pakati pa 40 ndi 60 amabwererako m'kati mwa caka coyamba. Si ufiti, ndipo si umboni wakuti ndalama inapita pacabe. Ubongo umene unazolowera mowa zaka zambiri umatenga nthawi kuti ukhazikike, ndipo miyezi itatu yoyamba ndiyo yoopsa koposa.

MUSANALIPIRE, FUNSANI IZI

1. Kodi malowa ali ndi laisensi ya bungwe la Health Professions Council of Zambia? Kodi pali dokotala kapena nasi wophunzira za matenda a maganizo?
2. Kodi mtengo umene mwanena uphatikiza cithandizo ca pambuyo potuluka? Ca miyezi ingati? Akulembereni pa pepala.
3. Kodi mlangizi angathe kumalankhula ndi wodwala pa foni sabata iriyonse, popeza Chadiza ndi kutali?
4. Ngati wabwerera ku mowa, tidzalipiranso mtengo wonse kapena mudzatsitsa?
5. Kodi mudzatipatsa kalata yopita nayo ku cipatala ca kwathu, yonena za mankhwala amene akumwa?

Malo amene akulonjezani kuti munthu adzacira kotheratu m'masiku 30, osanenapo za pambuyo pake, muwaganizire kawiri. Ndipo pa ndalama imene mwasonkha, patulani gawo lina likhale la mayendedwe, la foni ndi la mankhwala kwa caka cathunthu.

THANDIZO LIMENE LILI PAFUPI

Coyamba ndi kiliniki yanu ndi cipatala ca boma ca Chadiza. Boma linacotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linacita cimodzimodzi m'dziko lonse. Pitani ndi kalata ija, ndipo pemphani tsiku loonana ndi anyanchito a zaumoyo mwezi uliwonse. Vuto likakula adzakutumizani ku Chipata Central Hospital kumene kuli cigawo ca matenda a maganizo, kapena ku Chainama ku Lusaka. Lamulo la Mental Health Act la mu 2019 limanena kuti wodwala maganizo ayenera kusamalidwa mwaulemu, osati kumangidwa ngati mbuzi.

Caciwiri ndi bungwe la Drug Enforcement Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1989. Ambiri amalidziwa ndi kugwira anthu a camba, koma lilinso ndi cigawo cophunzitsa ndi kupereka uphungu kwa ofuna kuleka.

Cacitatu ndi gulu la anthu a vuto limodzi. Gulu la Alcoholics Anonymous linayamba mu 1935 ku America ndi amuna awiri amene anaona kuti kukambirana kunali kuwathandiza kusamwa. Salipiritsa kanthu, ndipo zokambidwa pamenepo sizituluka kunja. Anthu atatu kapena anai angathe kutengera nzeru imeneyi, kupempha cipinda ku mpingo kapena ku kiliniki kudzera mu komiti ya zaumoyo ya m'dera lao, ndi kumakumana tsiku limodzi pa sabata. Mutu umodzi susenza denga.

Pa nthawi ya nkhawa yaikulu, nambala ya 933 ya Lifeline ndi ya 116 ya ana ndi zaulere.

NYENGO ZOFUNA KUCENJERA

Tujilijili tinaletsedwa mu 2012, koma kacasu ndi mowa waukali wa m'timabotolo zikali pafupi ndi khomo lililonse. Cenjerani pa nthawi ya malonda a cimanga, soya ndi nshawa pamene ndalama ili m'thumba; pa mapeto a mwezi; pa maliro, pa ukwati ndi pa Khirisimasi. Njala, mkwiyo, kutopa ndi kusowa cocita zimaitananso cilakolako. Gwirizanani naye mwamtendere kuti wina wa m'banja azisunga ndalama kwa miyezi yoyamba. Mpatseni nchito ya manja: dimba, nkhuku, kuumba njerwa. M'nyumba musasunge mowa. Cilakolako cikabwera cimakwera ndi kutsikanso pakapita kanthawi. Pa nthawi imeneyo adye, ayende, kapena aimbire munthu amene anasankhiratu.

NGATI WAMWANSO

Musamnyoze pa anthu, ndiponso musambise. Dikirani mowa umcoke, mukambe naye za cimene cinamgwetsa, ndipo mupite naye ku kiliniki sabata lomwelo. Kumwa kwa tsiku limodzi kusasanduke kwa mwezi.

Dziwani zoopsa ziwiri. Munthu amene wamwa kwambiri masiku ambiri akaleka mwadzidzidzi angayambe kunjenjemera, kutuluka thukuta, kukomoka ngati wakhunyu, kapena kuona zinthu zimene palibe, makamaka pa tsiku laciwiri ndi lacitatu. Izi zimapha, thamangirani ku cipatala, osamtsekera m'nyumba. Cinanso, amene analeka heroin kapena mankhwala a cifuwa a codeine, thupi lake silipiriranso muyeso wakale, ndipo akaubwereza angaleke kupuma. Akayamba kunena za kudzipha, musamsiye yekha. Ngati akumenya mkazi kapena ana, pitani ku Victim Support Unit ku polisi. Matenda si cilolezo ca nkhanza.

Inunso osamalira wodwala, pumulani ndi kugawana nchitoyi ndi acibale. Mukagwa inu, adzamgwira ndani?

MAFUNSO OKAMBIRANA PA BANJA

1. Ndi masiku ati ndi anzake ati amene amamkokera m'bale wathu ku mowa?
2. Ndani adzapita naye ku kiliniki mwezi uno, ndipo pa tsiku liti?
3. Tapatula ndalama zingati za cithandizo ca caka cino?
4. Akadwala usiku, tidzapeza kuti galimoto kapena njinga yamoto?

Lembani mayankho pa pepala, iye mwini ali pomwepo, ndipo mulisunge pamalo odziwika kwa onse.