Pulogalamu ya Kutali Ikakana Kuonekera pa Kompyuta Yanu

Sukulu ngati yathu singagulire wophunzira aliyense kompyuta yamphamvu. Chotheka n'chakuti kompyuta imodzi yabwino izisenza ntchito yolemera, zakalezi zizingoonetsa zotsatira. Pa Linux izi zimachitika kudzera mu SSH, njira yobisa mauthenga imene Tatu Ylönen wa ku Finland anayambitsa mu 1995, pamodzi ndi X11, imene inatuluka ku MIT mu 1987. Koma nthawi zina wophunzira amalemba dzina la pulogalamu, windo osabwera, pangotuluka mawu akuti cannot open display. Apa tisathamangire kuzimitsa makina.

Timvetse kaye chinthu chimene chimasokoneza ngakhale akuluakulu. Pa X11, seva yojambula zithunzi imakhala pa kompyuta imene mwakhalapoyo, osati kutaliko. Choncho ngati muli pa Windows yopanda pulogalamu ngati VcXsrv, kapena pa Mac yopanda XQuartz, pulogalamu yakutali ilibe pojambulira.

Zimenezo zikakhala bwino, dzifunseni ngati munalowa ndi ssh -X. Mukalowa lembani echo $DISPLAY. Yankho loyenera ndi localhost:10.0, kapena nambala yoposerapo ngati anzanu analowa kale. Pakapanda kutuluka kanthu, musadzilembere nokha DISPLAY monga amachitira ena ofulumira. SSH ndiyo iyenera kuika, ndipo ikalephera pamakhala chifukwa. Tulukani, mulowenso mutawonjezera -v kuti muone pamene zikuthera.

Kawirikawiri vuto limakhala kutaliko. Woyang'anira makina atsegule fayilo ya /etc/ssh/sshd_config, aone ngati muli mzere wa X11Forwarding yes, ndipo akasintha ayambitsenso sshd. Aonenso ngati muli xauth, kapulogalamu kamene kamasunga kiyi wachinsinsi mu fayilo ya .Xauthority. Malo osungira zinthu akadzaza, kiyiyo salembeka, ndipo windo limakanidwa ngakhale zina zonse zili bwino. N'chimodzimodzinso mukasanduka root kudzera mu sudo: kiyi amatsala kwa inu, root alibe.

Palinso china chodabwitsa. Ndi -X, pakapita mphindi 20 mawindo atsopano amayamba kukana pamene otsegulidwa kale akugwirabe ntchito. Si kuwonongeka ayi, ndi malire a chitetezo amene OpenSSH inaika. Ambiri akatopa nazo amathawira ku ssh -Y. Apa ndi pamene tikufuna makolo ndi akomiti amvetsere. Kulowa ndi -Y n'kupatsa kompyuta yakutali chilolezo choona zimene zili pa sikirini yanu ndi zimene mukulemba, ngakhale pasiwedi. Pa seva ya sukulu imene tikudziwa woisamala, palibe choopsa chachikulu. Pa seva ya munthu wosamudziwa, ophunzira athu musayerekeze. Ndipo amene muli pa Debian kapena Ubuntu dziwani kuti kumeneko -X anaikonza kale kuti izichita ngati -Y, pokhapokha mutalemba ForwardX11Trusted no mu fayilo yanu ya ~/.ssh/config.