Phunziro: Zotchingira Manja ndi Dzanzi pa Njinga Yamoto

Njinga zamoto zimene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amakwera kuno ku Kasina, monga Yamaha DT 125 ndi Yamaha AG 200, zinapangidwira kuyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe. Zina zili ndi zotchingira manja pa mahandulo. Mwezi uno tiphunzire ntchito ya zotchingirazi, ndi vuto limodzi limene ambiri salidziwa.

Zotchingira zili za mitundu iwiri. Za pulasitiki zimatchinga mphepo, matope ndi nthambi. Za chitsulo zimazungulira dzanja, ndipo zimamangidwa ndi bawuti kunsonga kwa handulo. Njinga ikagwa, chitsulocho chimateteza chogwirira buleki ndi chogwirira kilachi kuti zisathyoke. Ichi n'chinthu chachikulu, pakuti chogwirira kilachi chikathyoka kutali ndi amakaniko, ulendo umavuta zedi.

Koma zotchingira sizithetsa kunjenjemera. Njinga zimenezi zili ndi injini ya silinda imodzi, imene imagwedeza mahandulo, ndipo msewu wa mabampu umawonjezera. Pa njinga zina opanga amaika tizitsulo tolemera kunsonga kwa mahandulo kuti tichepetse kugwedezako. Womanga zotchingira za chitsulo kawirikawiri amayamba wachotsa tizitsuloti, tsono mahandulo angayambe kunjenjemera koposa kale.

Zotsatira zake ndi dzanzi. Zala zikachita dzanzi sizimva bwino, ndipo zimachedwa kugwira buleki mwana kapena mbuzi ikadutsa mumsewu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuno ku Dedza kumazizira kwambiri, vutoli limakula chifukwa magazi sayenda bwino m'zala zozizira.

Chitani izi:

1. Musataye tizitsulo tolemera. Funsani makaniko ngati tingabwezeredwe pamodzi ndi zotchingira. Paja safunsa adadya phula.
2. Sabata iliyonse limbitsani mabawuti a zotchingira, a mahandulo ndi ogwira injini.
3. Onani kuti zotchingira sizikukhudza zogwirira kapena kupana mawaya mukamakhota.
4. Musapope matayala mopitirira muyeso wolembedwa m'buku la njinga. Masipoko olendewera akungidwe.
5. Mphira wogwirira ukatha, gulani wina. Valani magolovesi.
6. Musafinye mahandulo. Panani thanki ndi mawondo, manja agwire mofewa.
7. Pa ulendo wautali, imani, tambasulani zala, ndi kuzifunditsa.

Ngati dzanzi silikutha ngakhale mutapuma, kapena zala zikuyera mbuu pakazizira, pitani kuchipatala msanga. Kunjenjemera kwa zaka zambiri kumawononga mitsempha ya m'manja, ndipo ikawonongeka kwambiri sibwereranso.

Aphunzitsi, werengerani ana a m'makalasi aakulu phunziroli, kuti nawonso akafotokozere abale awo okwera njinga zamoto, makamaka a kabaza amene amagwira mahandulo tsiku lonse.