Phunziro: Magemu Amene Amachepetsa Fizi ku Koleji

Ana ambiri ku Luchenza amakonda kusewera magemu pa foni. Makolo timadandaula kuti akutha batire ndi bandulo, ndipo nthawi zambiri timakhala tikunena zoona. Koma m'mayiko ena magemu asanduka mpikisano weniweni, moti makoleji ena amachotserako fizi ophunzira amene amasewera bwino.

Zinayamba mu 2014 mumzinda wa Chicago, ku Amereka. Yunivesite ya Robert Morris inakhazikitsa timu ya gemu yotchedwa League of Legends. Osewera aluso kwambiri ankawachotsera mpaka theka la fizi, komanso theka la ndalama za malo ogona ndi chakudya. Mu 2016 makoleji angapo anapanga bungwe la NACE kuti liziyendetsa mipikisano yawo.

Zimayenda chonchi. Mwana ayenera kupeza malo ku koleji ndi zotsatira za mayeso ake, ngati wina aliyense. Kenako mphunzitsi wa timu amamuyesa. Mu League of Legends timu imakhala ya anthu asanu, aliyense pa kompyuta yake, ndipo amalankhulana pamene akusewera. Aliyense ali ndi ntchito yake: wina amamenya adani, wina amateteza mnzake. Mphunzitsi amaona changu cha maso ndi zala, komanso amaonetsetsa ngati mwanayo amamvera anzake, chifukwa wodzikonda amagwetsa timu yonse. Akasankhidwa, amalonjeza kuti azifika pa nthawi yokonzekera mpikisano ndiponso azikhoza m'kalasi. Akayamba kulephera mayeso, thandizolo likhoza kuimitsidwa.

Musasokoneze zimenezi ndi juga. Wobetcha amaika ndalama zake n'kumayembekezera mwayi. Apa mwana saika kalikonse. Koleji imamuthandiza chifukwa akuiyimira, monga amachitira wosewera mpira wa timu ya sukulu.

Nanga kwathu kuno mwana angafike bwanji ku koleji? Chaka chomwecho cha 2014, yunivesite ya MUST inatsegulidwa ku Ndata, m'boma la Thyolo lomwe lino. Mwana wa mayi wothyola tiyi akhoza kukaphunzira kumeneko, ndipo ine ndimafunitsitsa kuti makolo tizikhulupirira zimenezi. Chofunika ndi kukhoza bwino MSCE, ndi makirediti osachepera 6, kuphatikizapo Chingerezi.

Mwana akasankhidwa koma ndalama palibe, akhoza kufunsira ngongole ku bungwe la boma la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Apa ndiye pofunika kumvetsa bwino. Sikolashipu, monga thandizo la osewera magemu lija, ndi mphatso, sabweza. Ngongole ya HESLGB mwana adzabweza akamaliza maphunziro, kuti ndalamazo zidzathandize ana ena. Choncho mwana akabwera ndi fomu, musanasaine kapena kudinda chala, mufunseni akuwerengereni: kodi ndi mphatso kapena ngongole, ikulipira fizi yokha kapena ndi chakudya chomwe, ndipo tsiku lomaliza kupereka fomuyo ndi liti?