ZOMBO ZAKUDA ZIFIKA KU JAPAN

Ana inu, amene munafikako ku Lilongwe munaona magalimoto onyamula anthu opita ku Kawale, ku Chinsapo ndi ku Area 25. Ambiri a magalimoto amenewo anapangidwa ku Japan, dziko la zisumbu la kum'mawa kwa China. Koma kale anthu a dzikolo analibe njanji kapena zombo zoyendera moto. Tiyeni timve umo zinthu zinasinthira.

Masiku akalewo mfumu yaikulu ya Japan inali kukhala ku Kyoto, koma mphamvu zinali m'manja mwa mkulu wa nkhondo wotchedwa Shogun, wa banja la Tokugawa, amene anali kukhala ku Edo. Iyeyu anaopa kuti Azungu, pobwera ndi malonda ndi chipembedzo chawo, adzalanda dziko. Chotero analetsa anthu ake kupita kunja, ndipo m'chaka cha 1639 anapirikitsa Apwitikizi. Mwa Azungu onse, a ku Holland okha ndiwo analoledwa kuchita malonda, pa kachisumbu ka Dejima ku Nagasaki. Dziko linakhala chitsekere zaka zoposa 200.

M'mwezi wa July 1853, kutatsala zaka 6 kuti Livingstone aone nyanja yathu, zombo zinayi za nkhondo za ku America zinafika pafupi ndi Edo. Ziwiri zinali zoyendera moto, zotulutsa utsi wambiri, ndipo zonse zinali ndi mizinga. Anthu anazitcha "zombo zakuda". Mkulu wa zombozo, Matthew Perry, anadza ndi kalata ya Millard Fillmore, mtsogoleri wa dziko lake. Kalatayo inapempha kuti zombo za ku America zizigula malasha, madzi ndi chakudya, kuti amalinyero osweka chombo azisungidwa bwino, ndi kuti malonda ayambe. Perry anapereka kalatayo, nachoka, nanena kuti adzabweranso kudzamva yankho.

Akuluakulu a Shogun anavutika mtima. Anadziwa kuti dziko lalikulu la China linagonja kwa zombo za Angerezi mu 1842, ndipo mizinga yawo yakale sikanatha kuteteza Edo. Perry atabweranso ndi zombo zambiri, anapangana naye pangano pa 31 March 1854, namtsegulira madooko awiri, Shimoda ndi Hakodate. Mapangano a mu 1858 anawawa koposa: Mzungu wolakwa sanaweruzidwe m'bwalo la eni dziko, ndipo Japan sanaloledwe kudziikira yekha msonkho wa katundu wolowa.

Ena anayesa kupirikitsa alendowo ndi nkhondo, koma zombo za Azungu zinawomba mizinga pa Kagoshima mu 1863 ndi pa Shimonoseki mu 1864. Pamenepo anzeru anazindikira kuti lupanga silingapambane chombo chotere; kunafunika kuphunzira nzeru za amene anachipanga. Paja akulu anati, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Mu 1868 ufumu wa Shogun unatha, ndipo boma latsopano linayamba kulamulira m'dzina la mfumu Meiji, mnyamata wa zaka 15. Mzinda wa Edo anautcha Tokyo. Mu 1871 nduna zinapita ku America ndi ku Ulaya kukaona masukulu, mabwalo a milandu ndi nyumba zosulira zitsulo. Mu 1872 njanji yoyamba inatsegulidwa, yochokera ku Tokyo kufika ku Yokohama, ndipo chaka chomwecho boma linalamula kuti ana onse, aamuna ndi aakazi, alowe sukulu. Pofika 1899 Azungu anavomera kuweruzidwa m'mabwalo a Japan, ndipo mu 1905 Japan anagonjetsa Russia.

Koma mphamvuyo inadza ndi kudzikuza. Chimene anachitiridwa iwo, anakachitira anzawo: analanda Korea mu 1910, nasautsa China, kufikira anagonja mu 1945, mizinda yawo itapsa. Chotero, ana inu, limbikani sukulu, pakuti mtundu wosaphunzira sungathe kudziteteza. Koma kumbukiraninso kuti nzeru yopanda chifundo iwononga mwini wake.

MAFUNSO
1. Shogun anatsekeranji dziko?
2. Kalata ya Fillmore inapempha chiyani?
3. Tchulani zinthu ziwiri zimene zinachitika mu 1872.