Anapiye ndi Chisanu

Ku Angonia, ku Tsangano ndi ku Makanga kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi. Mphepo ya mwera imaomba usiku wonse. M'mawa udzu umakhala wonyowa ndi mame. Ife timaotha moto. Nanga nkhuku zathu?

Nkhuku yaikulu ili ndi nthenga zokwanira. Amene amafa ndi anapiye.

Thadzi limafungatira mazira masiku 21. Mwanapiye amatuluka m'dzira ali ndi ubweya wokha. Thupi lake silisunga kutentha. Amadalira mapiko a make mpaka nthenga zitamera, patapita masabata 4 kapena 6. Choncho thadzi musalipatse mazira oposa 12. Anapiye akachuluka, ena amagona kunja kwa mapiko. Kukacha timawapeza atauma.

Ambirife timatsegula khola tambala akangolira, pothamangira kudimba. Apa ndi pamene timalakwa. Thadzi limatsogola kukapalasa, anapiye natsatira mu udzu. Amanyowa, amatopa, amatsalira m'mbuyo. Wina amafa ndi kuzizira, wina amatengedwa ndi kabawi. Dikirani dzuwa likwere, mame aume. Masabata awiri oyamba, vundikirani thadzi ndi ana ake m'dengu lalikulu, padzuwa, pafupi ndi nyumba. Chakudya ndi madzi muwapatsire momwemo.

Tsopano tione khola. Matani dothi mbali imene mwera umachokera. Folerani denga lisadonthe. Pansi yalani udzu wouma kapena makoko a mtedza. Zikanyowa ndi zitosi, chotsani mukathire kudimba, ndi manyowa abwino. Koma musatseke ponse. Siyani mipata m'mwamba, pansi pa denga, kuti mpweya woipa uzituluka. Khola lotsekeratu limachita chinyezi, ndipo nkhuku zimadwala chimfine.

Khola la m'mwamba ndi labwino kwa nkhuku zazikulu. Anapiye sangakweremo. Iwo azigona ndi make m'dengu, pakona ya khitchini, patali ndi moto.

Ena amaika mbaula ya makala m'khola. Musayese. Mpweya wa makala suoneka ndi maso koma umapha, ndiponso udzu suchedwa kugwira moto. Ngati thadzi lafa, thirani madzi otentha m'botolo, likulungeni ndi nsanza, muliike pakati pa anapiye. Akaunjikana ndi kulira kwambiri, akumva kuzizira. Akathawa botolo, pakamwa pali yasa, latentha kwambiri.

Kukazizira nkhuku zimadya kwambiri. Zipatseni gaga m'mawa, ndiponso madzulo zisanalowe m'khola. Anapiye amakula msanga ndi chiswe. Ikani ndowe zouma ndi mapesi mumphika wakale, wazani madzi pang'ono, muuvundikire pafupi ndi chulu. M'mawa mwake mupezamo chiswe. Madzi akumwa aikeni m'mbale yosaya, muikemo timiyala kuti anapiye asagweremo.

Si imfa zonse zimadza ndi chisanu. Nkhuku ikagwetsa mapiko ngati yavala jekete, ikatsegula m'mimba zobiriwira, kapena khosi likapindika, ameneyo ndi chitopa, amene ena amati chideru. Chitopa alibe mankhwala ochiza. Amatha kumaliza nkhuku za mudzi wonse m'masiku ochepa. Chotchinjiriza ndi katemera wa I-2. Amadontheza dontho limodzi m'diso limodzi, kwa tambala, thadzi ndi mwanapiye yemwe. Katemerayu amabwerezedwa miyezi 4 iliyonse: Marichi, Julayi ndi Novembala. Funsani alangizi a ziweto tsiku limene afike m'mudzi mwanu. Nkhuku yogula kumsika ikhale payokha masabata awiri isanalowe m'khola. Yofa ndi matenda musadye, musataye kudzala. Ikwirireni mozama kuti agalu asafukule.

Tikambirane:
1. Chaka chatha anapiye anu anali angati? Anakula angati?
2. Nanga mwera umachokera mbali iti ya khola lanu?
3. Lembani m'kope miyezi itatu ya katemera.